Zimene Diramu Inabisa

Jamilu anachedwa kunyamuka ku Najma, dera la mashopu mumzinda wa Doha, ndipo wolakwa anali iye mwini. Anafika pa shopu ya masipeya dzuwa litapendeka, sipuling'i yothyoka ili m'jumbo. Mwini shopu, mkulu wa ndevu zofiira, anakhuthula makatoni atatu asanapeze yofanana nayo. Itapezeka, adhana yoitanira anthu ku swala ya Magharibi inamveka, Jamilu n'kulowa mu mzikiti. Potuluka anakumana ndi anyamata akwawo a ku Ntaja, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira: tiyi uja amati karak kapu imodzi, nkhani khumi. Pamene ankadzidzimuka, swala ya Isha inali itapita, mdima utagwira, ndipo pikapu ya bwana inali idakali pa jeke kunyumba, tayala limodzi lili pansi.

Nkhani yake inali iyi. Jamilu anali dalaivala wa pakhomo pa Mwarabu wina ku Hilal, tsidya lina la msewu waukulu. Ntchitoyo anamupezera ndi Abiti Cassim, mayi a ku Namwera amene anali ataphika pakhomopo zaka khumi ndi zinayi. Tsiku limene bwana anamufunsa ngati amadziwa zokonza galimoto, Jamilu anati eya asanaganize n'komwe. Kuno aliyense amayankha choncho. Ukati sindidziwa, pageti pali anthu makumi asanu amene akuti akudziwa. Koma umakaniko wa Jamilu unali uja wa pasiteji ya minibasi ku Liwonde: kugwirizira tayala, kupatsira sipanala, kuonerera.

Zaka ziwiri bodzalo linagona tulo. Kenako mabuleki a kumbuyo a pikapu yakale ija anayamba kulira ngati nkhumba. Lachinayi bwana anagula mashu atsopano, tizitsulo topindika tija timakanikiza diramu, chitsulo chonga mbale chimene chimazungulira limodzi ndi tayala, kuti tayalalo liime, anamuponyera Jamilu bokosilo n'kunena kuti, “Yalla, tiye nazo, makaniko.” Atatero ananyamuka ndi banja lake lonse kupita ku famu yawo kumpoto. Mawu amene anasiya anali akuti Loweruka ikangotha swala ya m'bandakucha, Jamilu abweretse pikapuyo itasenza thanki ya madzi, atengenso Abiti Cassim kuti akaphikire alendo. Malita chikwi chimodzi kumbuyo, mayi wa eni kutsogolo, msewu wa makilomita pafupifupi zana.

Lachisanu atachoka ku swala ya Juma, Jamilu anayamba ntchito. Ulesi analibe, zimenezo timupatse. Anatchinga matayala a kutsogolo ndi njerwa, anakweza galimoto n'kuikhazika pa matabwa, anachotsa diramu ya kumanzere, anajambula chithunzi pa foni. Kenako anamasula zonse, za kumanzere ndi za kumanja zomwe, n'kuzitsuka m'beseni limodzi ngati mbale. Mbali ya kumanja anaimanga motsatira chithunzicho, kachitsulo ndi kachitsulo, anavundikira diramu, anamanga tayala. Zinalowa bwinobwino. Atafika kumanzere, pulayazi inatereka, sipuling'i inathyoka. Anaganizako zomanga ndi waya monga ankachitira pasiteji paja, koma mtima unakana. N'chifukwa chake anapita ku Najma.

Tsopano ankabwerera wapansi. Basi imazungulira kutali, ndipo iye ankadziwa njira yachidule.

Mphepo ya fumbi inali itayamba masana. Nyali za mumsewu zinkaoneka zofiirira, ngati zikuyaka m'madzi amatope. Jamilu anadutsa mashopu a mipando yakale, anadutsa malo otumizira ndalama amene anali atatseka kale, anakhotera kumanzere. Kumeneko kuli mzere wa nyumba zakale zimene eni ake anasamukamo, zikudikira kugumulidwa. Zitseko anazula. Mazenera anazula. Kunatsala makoma okha ndi mabowo akuda.

Masana anadutsapo osaganiza kanthu. Usiku ndi nkhani ina.

Phokoso la Najma linatsalira kumbuyo. Ankangomva mapazi ake ndi tizitsulo tija tikugundana m'jumbo. Amphaka atatu anali pa mulu wa zinyalala. Amphaka a ku Doha saopa munthu, ungawaponde mchira amangokuyang'ana. Koma awa anadzutsa mitu nthawi imodzi, anayang'ana kumbuyo kwa Jamilu, n'kumwazika.

Kumbuyo kwake, osati iye.

Anaima. Anamvetsera. Zii.

Anayambanso kuyenda. Ndipo anamva... phwa... phwa... phwa. Patapata, munthu wokoka mapazi, wosafulumira.

Anawonjezera liwiro. Phwa, phwa, phwa.

Unali mwezi wa Juni, nthawi imene ngakhale usiku mpweya umaotcha ngati wa mu uvuni. Malaya ake anali atanyowa ndi thukuta. Koma pakhosi, kumbuyoku, panadutsa kamphepo kozizira, ngati wina watsegula chitseko cha chipinda cha eyakoni. Tsitsi linamuyimirira. Anayamba kusoma Ayatul Kursi, ndime ya m'Kurani imene anailoweza ali mwana ku madrasa. Pakati inamusokonekera. Anayambiranso. Inasokonekeranso pomwepo.

Kutsogolo kunali nyumba yomaliza, ya geti lakugwa. Akangoidutsa, msewu waukulu. Masitepe makumi awiri okha. Khumi...

“Asalamu aleikum.”

Jumbo inagwa pansi!

Mawuwo sanachokere kumbuyo. Anachokera pambali pake penipeni.

“Wa... waleikum salaam,” pakamwa panayankha pokha.

Anali bambo wachikulire, wamfupi, wa ovolosi yabuluu yofwifwa ndi kofia yoyera. Manja anaika kumbuyo. Sankayang'ana Jamilu. Ankayang'ana tizitsulo timene tinakhuthuka m'jumbo.

“Sipuling'i ya kumanzere,” anatero bambowo, m'Chichewa cha kumapiri a Mangochi. “Yabwino. Tola, ingalowe mchenga.”

Jamilu anatola. Kumva chiyankhulo chakwanu m'dziko la eni kumatsitsa mtima, ndipo wake unatsikako pang'ono.

“Mwandiopsa, bambo. Ndinu a kumudzi?”

“Kumanja kuja watseka molakwa.”

Anangonena zomwezo n'kuyamba kuyenda. Phwa... phwa. Kulowera ku Hilal.

Jamilu anawatsatira. Nanga akanatani? Njira inali yomweyo. M'mutu ankadziuza kuti ameneyu ndi dalaivala wa nyumba ina yoyandikana, mwina anasuzumira pageti masana n'kumuona akulimbana ndi galimoto. Amalawi ku Doha alipo ambiri, sungawadziwe onse. Anafika pansi pa nyali yoyamba ya msewu waukulu. Jamilu anaona chithunzithunzi chimodzi chokha, chake, chitatambalala pa simenti, chachitali, jumbo ili m'manja. Anakweza maso msanga. Sanafune kuyang'ananso pansi.

Pa maloboti anaima kudikira kuti magalimoto aime. Anali ambiri, othamanga, mizere inayi uku inayi uko. Anatembenuka kuti awauze bambowo kuti asamale.

Panalibe munthu.

Anayang'ana tsidya linalo. Anali ataima kumeneko, manja kumbuyo, akumudikira.

Apa munthu wanzeru akanabwerera ku Najma kukagona kwa anzake. Jamilu anaganizadi zimenezo. Koma mawu aja anali atamulowa ngati minga: kumanja kuja watseka molakwa. Mawa m'galimotomo mukhala Abiti Cassim, amene anamuikira kumbuyo kwa bwana, amene ankamubisira nyama m'mbale yovundikira. Maloboti atasintha, anawoloka.

Bambowo sanafunse njira. Anakhota pamene pamafunika kukhota, anadutsa kamzikiti ka pakona, anaima pa geti laling'ono la antchito. Jamilu anatsegula, analowa, anayatsa nyali ya pabwalo. Pamene ankatembenuka atakhoma loko, anawapeza atanjuta kale pafupi ndi tayala la kumanja, zigongono pa maondo.

“Tsegula.”

“Kumeneko ndamaliza, bambo. Ndatsatira chithunzi, palibe chimene ndasiya.”

“Chithunzi cha mbali iti?”

“Ya kumanzere.”

“Tambasula manja ako.”

Jamilu anatambasula, zikhatho kuyang'ana pansi.

“Ndi ofanana?”

“Eya.”

“Zala zazikulu zaloza kumodzi?”

Jamilu anayang'ana manja ake. Chala chachikulu cha kumanzere chinaloza kumanja, cha kumanja chinaloza kumanzere. Anayang'ana galimoto. Thukuta lina, losiyana ndi lija la kutentha, linatsika pamsana pake. Anatenga sipanala.

Diramu ili ndi khalidwe limodzi loipa: imavundikira chilichonse. Ntchito yabwino ndi ntchito yoipa, ukangoitseka, kunja zimaoneka chimodzimodzi. Jamilu ataichotsa, zonse zinali mmene anazisiyira, zaukhondo, zomangika bwino, koma zotembenuka. Mashu amakhala awiri, ina ya chikopa chachifupi, ina chachitali. Yachifupi imayang'ana kutsogolo kwa galimoto, yaitali kumbuyo. Iye anaika mosemphanitsa.

“Si zokhazo,” anatero bambowo. Analoza ndi chibwano kachitsulo ka mano kamene kamakhala m'munsi, pakati pa mashu awiriwo. “Pala ndi chikhadabo.”

Jamilu anapala. Pansi pa dzimbiri panatuluka chilembo: L.

Kachitsulo kameneka amati ajasita. Ntchito yake ndi kukankha mashu kuti azikhala pafupi ndi diramu pamene chikopa chikudyeka. Ya kumanzere imapotera kwina, ya kumanja kwina. Ukazisinthanitsa, m'malo mothina zimamasula, pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa, mpaka tsiku limene phazi limatsika galimoto ikupitabe. Ya R inali m'beseni muja, ikudikira kumangidwa kumanzere.

Jamilu anakhala pansi pa simenti.

“Mbali imodzi umamasula, inayo umaisiya,” anatero bambowo. “Yotsalayo ndiye mphunzitsi wako. Iwe wapha mphunzitsi.”

“Ndiye nditani, bambo?”

“Dzuka. Pamwamba pa khoma, kuseri kwa thanki ya nyumba.”

Jamilu anakwera pa ndowa, anapisa dzanja pamene anauzidwa. Anakhudza nsanza. Mkati mwake munali sikuludilaiva yaitali, kunsonga kwake munthu atasema kamphako ndi fayilo, yopakidwa oyilo, yopanda dzimbiri ndi pang'ono pomwe. Zaka ziwiri anakhala pakhomopo, osadziwa kuti pali chinthu chotere. Anafuna kufunsa. Atayang'ana nkhope ya bambowo, funsolo analimeza.

Ndiye ntchito inayamba, ndipo kunena zoona, ntchito ngati imeneyo siioneka kawirikawiri.

Bambowo sanakhudze chitsulo ngakhale chimodzi. Manja awo anangokhala pa maondo, manja akuluakulu osayenerana ndi thupi lawo, a zipsera, zikhadabo zokhuthala. Koma maso awo ankafika paliponse dzanja la Jamilu lisanafike. Mawu ankatulutsa ochepa, ndipo lililonse linkagwa pamalo pake.

Jamilu anaweramira diramu kuti auzire fumbi lakuda limene linatsalira mkati.

“Usauzire. Limenelo likalowa m'chifuwa silituluka. Nsanza yonyowa.”

Anapukuta ndi nsanza yonyowa.

“Girisi. Ngati njere ya mapira. Pamene shu imatsamira, malo asanu ndi amodzi.”

Jamilu anapeza malo anayi. Bambowo anangodikira mpaka anapeza awiri otsalawo.

“Samba m'manja. Chikopa sichionana ndi girisi.”

Anasamba, anabwerera. Yachifupi kutsogolo, yaitali kumbuyo. Timisomali togwira mashu, kukanikiza, kupotoza, kusiya. Waya wa handibuleki m'kamphako kake. Ajasita ya R kumanja, mano ake moyang'anizana ndi kazenera ka kumbuyo. Kenako inafika sipuling'i yaikulu, mtundu womwe uja unamuthyokera masana, umene unamusupula khungu pa zala ziwiri. Jamilu anatambasulira dzanja ku pulayazi.

“Siya imeneyo. Imaluma sipuling'i, sipuling'i n'kukwiya.”

Anatenga sikuludilaiva ya kamphako ija. Anakola sipuling'i, anatsamiritsa nsonga pa chitsulo cha pamwamba monga anauzidwa, anapendeketsa dzanja pang'ono chabe. Kwe! Sipuling'i inatsetsereka yokha n'kukhala m'malo mwake, ngati inkangodikira kupemphedwa mwaulemu.

Jamilu anaseka. Anaiwala mantha, anaiwala chilichonse. “Aa! Bambo inu! Masana ndalimbana nayo ola lathunthu!”

“Mphamvu ndi za wosadziwa,” anatero bambowo. Pakona pa mlomo wawo panaoneka kanthu kofanana ndi kumwetulira.

Anavundikira diramu. Bambowo anamuuza kuti apise sikuludilaiva pa kazenera kaja, azipotoza mano a ajasita, dzino limodzi limodzi, kwinaku akuzunguza diramu ndi dzanja linalo. Iwo anapendeketsa mutu, anatsinzina. Ankamvetsera. Ke... ke... ke. Kunja mphepo inkawomba, maeyakoni a nyumba zoyandikana ankalira, koma iwo ankamva chinthu china mkati mwa chitsulomo.

“Basi. Wamva?”

Jamilu sanamve kanthu.

“Zunguzanso. Khutu pafupi.”

Anazunguza. Ndipo anamva: kaphokoso kakang'ono, sii... sii... ngati munthu akusesa patali.

“Ndi imeneyo. Ikhudze, isagwire. Usadzaiwale kulira kwake.”

Anasamukira kumanzere. Uku bambowo ankangoonerera. Jamilu ankati akakayika n'kuwayang'ana, iwo ankaloza ndi chibwano mbali ya kumanja, ndipo iye ankatseka maso n'kukumbukira, kenako n'kutembenuza zonse m'mutu ngati manja aja. Sipuling'i yatsopano inalowa ulendo umodzi. Sii... sii... anaimva yekha, osauzidwa.

Anamanga matayala, anatsitsa galimoto, anathina manati modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake. Atamaliza anaimirira, msana ukuwawa, mtima uli mbee.

“Bambo, sindinakufunseni n'komwe dzina.”

“Suleman.”

“Che Suleman, mumagwira nyumba iti? Ndibwere ndidzakuoneni Lachisanu.”

Bambowo anali akuyang'ana mpando wa kutsogolo wa pikapuyo, mbali ya wokwera.

“Mayi aja amaopa liwiro, koma sanena. Ukaona agwira chitseko, tsitsa phazi. Lowa. Bwerera m'mbuyo, ponda. Katatu.”

Jamilu analowa, analiza injini. Anabwerera m'mbuyo, anaponda. Buleki inagwirira pamwamba, yolimba ngati mwala. Kachiwiri. Kachitatu. Anakoka handibuleki, inaluma pa dzino lachisanu. Anatulutsa mutu pazenera.

“Che Suleman! Yagwira! Bwerani mudza...”

Pabwalo panali beseni, jeke ndi nsanza.

Anatsika. Anazungulira galimoto. Anasuzumira kuseri kwa thanki. Anapita pa geti laling'ono. Loko anali wokhoma, mmene anamukhomera yekha, kiyi ali m'thumba mwake.

Usiku umenewo anagona nyali ikuyaka, ngati kumeneko tingakutche kugona.

M'bandakucha, itatha swala, anadzaza thanki. Abiti Cassim anatuluka ndi masefuliya awo, thumba la mpunga ndi mtsuko wa tiyi, anakweza zonse, anakhala kutsogolo n'kunena Bismillah. Anali mayi onenepa, osakonda zoyankhulayankhula m'mawa. Anamuyang'ana Jamilu kamodzi.

“Maso ofiirawo bwanji? Ukandigwetsere m'dzenje.”

“Fumbi, amayi.”

“Hm.”

Anatuluka mu Doha, nsanja za Dafna zikuoneka mwa apo ndi apo m'fumbi. Madzi ankagubuduka m'thanki, galimoto ikulemera kumbuyo. Pa msewu waukulu wa kumpoto Jamilu anaona dzanja la mayiwo likufufuza chitseko, ndipo anatsitsa phazi. Dzanjalo linabwerera pa chilolo. Patatha ola anakhotera ku kamsewu ka kumafamu, kopanda mpanda m'mbali. Fumbi kumeneko linali lochindikala, dzuwa likungooneka ngati mbale yoyera.

Zinatulukira ngati zachoka pansi. Miyendo yaitali, itatu, isanu, khumi... Ngamila! Zinali zitadzaza msewu wonse.

Jamilu anaponda ndi mphamvu zake zonse.

Madzi anamenya kutsogolo kwa thanki, khuu! Masefuliya anagubuduzika. Matayala analira. Jamilu anadikira kuti kumbuyo kutaye, galimoto ipingase msewu monga zimachitira zolemera... Sikunataye. Pikapu inakhala pansi mbali zonse ziwiri mofanana, molunjika ngati yakokedwa ndi chingwe, ndipo inaima.

Ngamila yaikulu inali pafupi moti Jamilu ankaona nsidze zake. Inawayang'ana, ikutafuna, kenako inapitiriza ulendo wake.

“La ilaha illallah,” anatero Abiti Cassim. Ananenanso kachiwiri. Anakonza mpango wawo, anatola chivundikiro cha mtsuko pansi. Jamilu anaimika galimoto pambali.

“Iwe,” anatero mayiwo patapita nthawi. “Kani umakaniko uja unali woona? Ine ndinkayesa unangomunamiza bwana.”

Jamilu akanatha kungovomera. Mwayi unali umenewo. Koma anali atangoona kumene imfa ikutafuna udzu patsogolo pake.

“Ndinanama, amayi. Ndinamanga zotembenuza. Zikanakhala mmene ndinazisiyira masana, sindikudziwa kuti bwenzi tili pati. Anandithandiza ndi bambo ena a kumudzi, ndinakumana nawo ku Najma usiku.”

“Bambo ati?”

“Achikulire, aafupi, a ovolosi yabuluu. Koma amayi, munthu ameneyo amadziwa! Sanagwire n'komwe sipanala. Amangomvetsera chitsulo ngati chikuwayankhula. Ine makaniko ndawaona ambiri, ku Liwonde, ku Limbe, koma wotere ayi. Akuti dzina lawo ndi Che Suleman.”

Abiti Cassim anayang'ana kutsogolo, kumene ngamila zinkazimiririka m'fumbi.

“Dzulo ndinakumva ukuyankhula pabwalo,” anatero pang'onopang'ono. “Ndinasuzumira pazenera la kukhitchini. Ndinati mwanayu ali pa foni.”

“Simunawaone? Anali atanjuta pa tayala pomwepo.”

“Ndinaona iwe.”

Jamilu anamva kamphepo kaja pakhosi, ngakhale mazenera anali otseka.

“Galimoto ino anakaitenga ndi iwowo ili yatsopano, mapulasitiki ali m'mipando,” anapitiriza mayiwo. “Ine pobwera ndinawapeza ali kale pakhomo paja. Ku garaja sinkapita, ankakana. Ankati anyamata a kumeneko amatseka diramu asanamvetsere. Bwana amakusunga iwe chifukwa anazolowera kuti dalaivala wa ku Malawi amadziwa zonse, ndipo amene anamuzoloweza ndi iwowo. Chipinda chimene umagonamo chija chinali chawo.”

“Bwanji simunandiuzepo?”

“Ukanavomera kugonamo?”

Mayiwo anatsegula mtsuko, anathira tiyi m'kapu, anamupatsa. M'maso mwawo munali mutalengeza misozi.

“Anali otero. Ntchito yatheka sankatha kuionerera. Imwa, tizipita, anthu akudikira madzi. Pobwerera mawa tidzere ku Abu Hamour. Ine ndikadikira m'galimoto, iwe ukalowe ukawauze wekha kuti yagwira.”

“Anasamukira ku Abu Hamour?”

“Kumanda, mwana iwe. Mzere wa kumapeto, pafupi ndi khoma. Chaka chino ndi chachisanu ndi chiwiri chiwaikireni.”